Za Kukonza Bampala ya Galimoto Pakhomo

Masiku ano galimoto siiri chinthu cha m'tauni mokha ai, koma yafika ndi kumidzi komwe. Pa mseu waukulu wa m'boma lathu la Mwanza, umene upatuka pa Zalewa nukafika kuchipata cha dziko moyang'anana ndi Zobue wa ku Mozambique, pamadutsa magalimoto usana ndi usiku. Ena mwa magalimoto ogwirapo kale nchito amene amalonda amaitanitsa ku Japan amalowera pa chipata chomwechi, atatsika m'sitima ku Durban ndi kuyenda ulendo wautali wodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete. Ena mwa iwo amatsala konkuno. Mphunzitsi adasunga ndalama zaka zambiri nagula kagalimoto kake. Mlimi wa manachesi adagula yake yonyamulira zipatso kumsika. Mnyamata adapatsidwa Sienta ya mwini wake kuti azinyamulira anthu pakati pa Mwanza ndi Blantyre, mtunda wa makilomita ngati 100. Ndipo galimoto imodzi yotere ithandiza mudzi wonse, pakuti ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala pakati pa usiku.

Koma akulu adati: walira mvula, walira matope. Wolandira galimoto alandiranso mabvuto ake. M'miseu yafumbi yopita ku Thambani ndi ku Kunenekude muli miyala, zitsa ndi zigwembe zokumbidwa ndi madzi a dzinja. Pamsika pali njinga zamoto za kabaza zothinana. Pakhomo pali mtengo wa mango umene woyendetsa sadauone pobwerera m'mbuyo. Chimene chiyamba kugundika pa zonsezi ndi bampala, chotchinga chija chiri kumphuno ndi kumbuyo kwa galimoto. Mwina ipindikira m'kati, mwina penti wake akalika, mwina ing'aluka pakona. Tsono zipangizo za galimoto zichokera kunja ndipo zigulidwa ndi ndalama zakunja. Ndipo chichokere mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100, mitengo yake idakwera koposa. Bambo wa banja aima pakati pa zinthu ziwiri: kutenga ndalama za fizi ya ana kapena za feteleza kukapereka kugalaja, kapena kuileka bampalayo kuti izilendewera kufikira itagwa yokha pa mseu.

Iripo njira yachitatu. Zoonongeka zazing'ono munthu akhoza kuzikonza yekha pakhomo pake ndi madzi otentha, sopo, sandipepa ndi penti pang'ono. Nchito imeneyi siifuna mphamvu, koma ifuna kudekha, ndiponso kudziwa pamene nzeru za pakhomo zilekezera ndi pamene za mmisiri ziyambira. Izi ndizo tifuna kukufotokozerani mwezi uno.

Bampala idapangidwa ndi chiani?

Achikulire akumbukira kuti magalimoto akale adali ndi mabampala a chitsulo chonyezimira, ndipo akapindika ankawaongola ndi hamala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 opanga magalimoto adayamba kusiya chitsulo natenga pulasitiki. Imodzi mwa magalimoto oyamba otere idali Renault 5 ya ku France, imene idatuluka mu 1972. Lero lino chimene tichiona ndi maso pa galimoto yaing'ono ndi chikuto cha pulasitiki chabe. Kuseri kwake kuli chinthu chofewa chonga siponji wouma, ndipo kuseri kwa chimenecho kuli mtanda wachitsulo womangidwa ku thupi la galimoto. Ziwiri zobisikazo ndizo zilandira mphamvu ya ngozi ndi kuchinjiriza anthu ali m'kati. Chakunjacho chiri ngati malaya.

Mabampala ambiri apangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa polypropylene. Katswiri wa ku Italy, Giulio Natta, adapeza njira yoipangira mu 1954, nalandira mphotho ya Nobel mu 1963 pamodzi ndi Karl Ziegler wa ku Germany. Dzinalo ndi lachilendo, koma chinthucho tiri nacho m'nyumba zathu zonse, pakuti matumba a feteleza, mipando yapulasitiki ya kutchalitchi ndi mabeseni ambiri ndi a mtundu womwewo.

Pulasitiki imeneyi iri ndi makhalidwe awiri amene wokonza ayenera kuwadziwa. Loyamba ndi ili: ikatenthedwa imafewa, ikazizira imalimbanso, ndipo pofewapo imafuna kubwerera ku maonekedwe amene idaumbidwa nawo kufakitale. Isungunuka pa kutentha kwa madigiri ngati 160, pamene madzi owira m'ketulo sapitirira madigiri 100. Chifukwa chake madzi owira aifewetsa koma sangaisungunule. Lachiwiri ndi ili: khungu lake ndi loterera ngati phula, kotero kuti guluu wamba ndi penti wamba sagwirapo. Munthu akapakapo penti popanda kukonzekera, pentiyo adzasendeka ngati khungu la mbatata yophika mvula yoyamba isanathe.

Kuti mudziwe mtundu wa bampala yanu, suzumirani kuseri kwake. Opanga adadindapo malemba: PP, kapena PP+EPDM, ndipo pa ma Toyota ambiri TSOP. Yonseyi ndi ya banja limodzi lofewa ndi kutentha. Mukapeza PUR, dziwani kuti imeneyo siisungunuka, ndipo mng'alu wake sungalumikizidwe ndi chitsulo chamoto. Ngati malemba sali kuoneka, palani kachidutswa kakang'ono m'mphepete mobisika, mukaponye m'kapu ya madzi. Kakayandama, kawiri kawiri ndi ka banja la PP.

Yambani mwaona bala lonse

Sing'anga wabwino samanga bala asanalitsuke. Tsukani bampala yonse ndi madzi ndi sopo, muipukute, ndipo muiyang'ane padzuwa. Nthawi zambiri chimene chidaoneka choopsa chiri matope ndi penti wa chinthu chimene mudagundacho. Pambuyo pake gwadani pansi ndi tochi, muone za kuseri.

Pali zizindikiro zimene zikuuzani kuti nchitoyo si yanu. Ngati mtanda wachitsulo uja wapindika. Ngati pansi pa mphuno ya galimoto pali kudontha madzi obiriwira kapena ofiira, amene ali madzi oziziritsa injini. Ngati boneti siitsekeka bwino, kapena nyali yasweka kapena iri kuunikira kumbali. Ngati galimoto iri kukokera mbali imodzi poyenda. Ngati kanyali kochenjeza za airbag, chikwama cha mpweya chija chiphulika pa ngozi, kayaka ndipo sikazima: pa zonsezi pitani kwa makaniko, musazengereze. Mukaona mawaya okutidwa ndi chikasu kuseriko, musawakhudze konse, pakuti ndiwo a zikwama za mpweyazo. Kukongoletsa malaya pamene fupa lathyoka m'kati ndiko kuika moyo wa banja lanu ndi wa okwera pa ngozi.

Koma ngati za m'kati zonse ziri bwino, ndipo chaonongeka ndi chikuto chokha, limbani mtima, muyambe.

Kuongola pamene padapindikira m'kati

Sankhani tsiku lofunda, ndipo muimike galimoto padzuwa kwa ola limodzi kuti pulasitiki iyambe kufewa. Chofunika choyamba ndi chakuti dzanja lanu lifike kuseri kwa malo opindikawo. Pakona mukhoza kufikako mutamasula chotchinga matope cha pamwamba pa tayala. Kukakanika, chotsani bampala yonse. Imangidwa ndi mabauti ochepa, ambiri a sipanala ya nambala 10, ndi timabatani tapulasitiki timene timasuka mukatukula kamutu kake ka pakati. Musatizule ndi mphamvu, pakuti tithyoka msanga. Ikani zonse m'mbale kuti zingatayike m'fumbi, ndipo ngati pa bampala pali nyali zazing'ono, yambani mwalumula mawaya ake. Igonekeni pa mphasa kuti penti angakalikenso.

Wiritsani madzi, ketulo ziwiri kapena mphika waukulu. Thirani pang'ono pang'ono, osati nthawi imodzi, pa malo opindikawo ndi pozungulira pake ponse kutalika kwa chikhatho chimodzi, pakuti mphamvu imene igwira pulasitiki kuti isabwerere iri m'mphepete mwa chopindikacho. Pamene yafewa, kulungani dzanja lanu m'nsalu yochindikala, mukankhe kuchokera kuseri. Kumene dzanja silifika, tengani mpini wa khasu kapena mthiko, muukulunge nsalu kunsonga. Yambani m'mphepete, muzungulire, nimuyandikire pakati pang'ono pang'ono. Kawiri kawiri mudzamva kuti phu, ndipo chopindikacho chatuluka chokha. Pamenepo musachotse dzanja msanga. Gwiranibe, ndipo mnzanu athire madzi ozizira kuti pulasitiki ilimbire pomwepo.

Ikakana ulendo woyamba, musakwiye. Wiritsani madzi ena, mubwereze kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene ali ndi magetsi akhoza kufewetsa ndi makina oumitsira tsitsi a kusaluni, kapena ndi makina otulutsa mpweya wotentha amene amisiri ali nawo. Koma makinawo aziyendayenda, asaime pamodzi, ndipo atalikire masentimita 15 kapena 20. Penti akayamba kutuwa kapena kuchita matuza, kutentha kwapitirira.

Pali zinthu ziwiri zimene zaononga mabampala ambiri. Choyamba ndi moto weni weni: mbaula, muuni wa udzu, kandulo. Lawi lipsereza penti ndi kusungunula pulasitiki munthu asanaphethire, ndiponso pafupi pomwepo pali petulo. Chachiwiri ndi hamala. Pulasitiki yozizira, makamaka m'mamawa wa Juni ndi Julayi, ikamenyedwa ing'aluka. Ndipo amene adali ndi bvuto laling'ono adzipangira lalikulu.

Dziwaninso kuti pamene pulasitiki idapindika kolimba nichita mzere woyera, pamenepo idatamuka, ndipo siidzabwerera kweni kweni monga kale. Padzatsala kachizindikiro. Mukhoza kukalandira monga kaliri, kapena kukamata monga tidzanena m'munsimu.

Za penti wokalika

Penti wa galimoto ali ndi miyalo itatu. Pansi pali penti woyamba wogwira pulasitiki, amene amisiri amutcha primer. Pakati pali penti wa mtundu, woyera kapena wofiira kapena wina ali yense. Pamwamba pali penti woonekera ngati galasi, amene apatsa galimoto kunyezimira kwake. Mankhwala a bala adalira kuya kwake, ndipo kuya kwake muyesa motere. Thirani madzi pokalikapo. Mzere ukazimirira pamene panyowa, ndiye kuti wakalika ndi wapamwamba yekha. Kenaka yendetsanipo chikhadabo. Chikadutsa osakodwa, balalo ndi losaya. Chikakodwa, kapena mukaona pulasitiki yakuda pansi pake, lalowa ndithu.

Bala losaya, pamodzi ndi penti wa chipata kapena wa galimoto ina amene adatsalira pa yanu, lichoka ndi phala lopukutira penti limene ligulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto. Ikani pang'ono pa kansalu kofewa koyera, mupukute mozungulira, mupukutenso ndi kansalu kena kouma, nimuone. Pa timizere tochepa kwambiri mankhwala otsukira mano oyera aja athandizako. Mzere ukakanika, tengani sandipepa wosalala koposa, wa nambala 2000, mumubviike m'madzi, mupalepo mopepuka kangapo chabe, ndipo mutsirize ndi phala lija. Koma kumbukirani kuti penti wapamwambayo ndi wopyapyala kuposa tsamba la pepala muli kuwerengali. Kansalu kakayamba kutenga mtundu wa galimoto, lekani pomwepo, mwabooleza. Musayese kuchotsa penti wachilendo ndi thina kapena petulo, pakuti zidzadya ndi wanu yemwe.

Pano tinene mau amene wogulitsa penti sangakuuzeni. Pulasitiki siichita dzimbiri. Chitseko chachitsulo chikakalika kufikira chitsulo kuoneka, chiyenera kupakidwa mvula isanagwe, pakuti dzimbiri lidzachidya. Koma bampala yokalika ikhoza kukhala zaka zambiri osaonongekanso. Ngati m'nyumba mulibe ufa wokwanira, kapena mwana sanalipire kusukulu, ilekeni ndi chipsera chake. Palibe manyazi pamenepo.

Kupaka penti watsopano

Amene ali nazo ndalama zake ndipo afuna kutseka bala lakuya, ayambe wapeza mtundu weni weni wa penti. Maso anyenga, kuyera kuli mitundu yambiri. Galimoto iri yonse iri ndi nambala ya penti wake, yolembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko kapena pansi pa boneti. Pa Toyota, 040 ndi woyera, 1F7 ndi wasiliva, 202 ndi wakuda. Lembani nambalayo, mupite nayo kumasitolo osakaniza penti ku Blantyre kapena ku Limbe, kapena mutume woyendetsa minibasi wokhulupirika. Safunsa adadya phula. Woyera wonyezimira ngati mkanda, wa nambala 070, ndi wobvuta kumufanizira ngakhale kwa amisiri; ameneyo musalimbane naye pakhomo.

Mufunika zinthu izi: sandipepa wa nambala 180, 320 ndi 600, tepi yapepala ndi nyuzipepala zakale, ndi zitini zinai zopopera, ndizo penti wogwiritsa wa pa pulasitiki, primer wotuwa, penti wa mtundu, ndi woonekera wapamwamba. Pa sandipepa, nambala yaing'ono ndiye wokhakhala, yaikulu ndiye wosalala.

Tsukani malowo ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta onse achoke. Palani ndi 320 pabalapo ndi pozungulira pake kutalika kwa zala zitatu, kufikira chala chanu chisamvenso pamene penti wakale alekezera. Ngati pali chigwembe, chimateni ndi phala lomatira la pa pulasitiki, limene likhala lofewa pang'ono likauma. Phala la pa chitsulo liuma gwa, ndipo bampala ikagwedezeka m'mabampu lisweka nkugwa. Sakanizani lochepa, pakuti liuma m'mphindi zowerengeka. Likauma lipaleni ndi 180, kenaka ndi 320, mutakulunga sandipepa pa kathabwa kuti pakhale pothyathyathya. Pukutani fumbi lonse, ndipo musakhudzeponso ndi zala, pakuti thukuta la m'manja likaniza penti. Phimbani ndi nyuzipepala nyali, matayala ndi zitsulo zoyandikana nazo.

Tsono khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu, ndipo muyese kaye pa katoni. Chitini chitalikire masentimita 20 kapena 25, ndiko kutalika kwa chikhatho chotambasula. Dzanja liyambe kuyenda musanasindikize, ndipo lisaime kufikira mutaleka. Poperani choyamba penti wogwiritsa uja, mopyapyala, paliponse pamene pulasitiki iri poyera. Ameneyu ndiye agonjetsa kuterera kumene tidanena, ndipo womudumpha ataya nchito yake yonse. Patapita mphindi ngati 10, poperani primer kawiri. Akauma bwino, msalazeni ndi 600 wonyowa, mupukute, paume. Kenaka penti wa mtundu katatu, ulendo uli wonse mopyapyala, mukulinda mphindi 10 pakati pake, ndi kutambasula pang'ono kuti watsopano alowerere mwa wakale. Potsiriza woonekera kawiri. Ngati malemba a pa chitini anena nthawi ina, mverani chitinicho.

Chiyeso chachikulu pa nchito imeneyi ndicho kufuna kutseka zonse ulendo umodzi. Penti wochuluka ayenderera ngati misozi, ndipo akatero palibe chochita koma kulinda aume, kupalanso ndi kuyambanso. Kuthamanga sikufika. Mukatha, galimoto igone tsiku lathunthu osayenda, ndipo pasapakidwe polishi kufikira mwezi utatha.

Nyengo nayonso iri ndi mau ake. Poperani pamthunzi, m'mawa mame atauma, tsiku lopanda mphepo. Wazani madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Masiku a chiperoni, pamene kuli nkhungu ndi mvula yowaza, penti achita mbuu ndipo sanyezimira. Masana a Okutobala auma asanafike pa bampala, nakhala wokhakhala ngati mchenga, ndipo kamvuluvulu mmodzi akhoza kuononga nchito ya tsiku lonse.

Za mng'alu

Mng'alu waung'ono ulumikizika ndi luso limene tiliona kale m'midzi mwathu kwa anthu omata mabeseni ndi zidebe ndi chitsulo chamoto. Chotsani bampala, muitsuke mbali zonse ziwiri. Boolani kabowo kakang'ono pamene mng'alu ulekezera kuti usapitirire. Lunzanitsani milomo yake bwino, nimuigwiritse ndi tepi kumaso. Kuseri, tengani chitsulo chowotcherera mawaya cha okonza mawailesi, kapena mpeni wakale wotenthedwa pamakala kutali ndi galimoto, mulembe kangalande motsata mng'aluwo. Dulani timizere ta pulasitiki ku bampala yakutha ya malemba ofanana ndi yanu, mutisungunulire m'kangalandemo kufikira zonse zitasakanizika. Pulasitiki ya mtundu wina siigwirana nayo, monganso guluu wa m'timachubu sagwira. Kuti palimbe koposa, mizani kachidutswa ka sefa wawaya m'pulasitiki yofewayo mopingasa mng'alu. Kukazizira, konzani kumaso monga tanena kale.

Khutu logwirira bampala likathyoka muli paulendo, mangani ndi waya kapena ndi timalamba tapulasitiki kuti mukafike kwanu. Koma musayende miyezi ndi bampala yolendewera. Ikhoza kukodwa m'tayala, kapena kugwa patsogolo pa wa kabaza amene wanyamula mai ndi mwana kumbuyo.

Chenjezo kwa a m'nyumba

Ana akonda kuunjikana pamene bambo ali kugwira nchito, ndipo nkwabwino kuti aone ndi kuphunzira. Koma pothira madzi owira aime patali, ndipo wothirayo abvale nsapato zotseka. Mpweya wa penti ndi utsi wa pulasitiki zipweteka m'chifuwa ndi m'mutu, ndipo kansalu ka pamphuno sikatchinga zonse. Chifukwa chake nchitoyi ichitike panja, osati m'nyumba yotseka, ndipo amai oyembekezera ndi makanda asayandikire. Pafupi ndi penti pasakhale mbaula kapena wosuta fodya. Chitini chikatha musachiponye pamoto kapena kudzala kumene atentha zinyalala, pakuti chiphulika. Ndipo musachipereke kwa ana kuti achiboole. Musasankhenso tsiku la Mulungu. Bampala idzalinda kufikira Lolemba.

Penti asabise choona

Tsopano, abale, tifike pa chinthu chimene chiposa zonsezi. Luso limene taphunzitsa pano ndi lakufafaniza chizindikiro, ndipo luso lotere likhoza kutumikira chabwino kapena choipa.

Taganizani za mnyamata woyendetsa galimoto ya mwini wake. Wagunda chitsa madzulo, ndipo aopa kuti amudula malipiro kapena amchotsa nchito. Mantha akewo ndi omveka, pakuti nchito isowa. Koma akaongola bampala usiku nakhala chete, pamene mtanda wa m'kati wapindika, anamiza mwini wake ndiponso aika pa ngozi onse amene adzakwera mawa. Anene zoona, napemphe kuti akonze yekha chimene angathe. Ndipo inu eni magalimoto, mukalandira mau oona ndi ukali wopitirira, muli kuphunzitsa anyamata anu kunama.

Taganizaninso za munthu amene wagunda mbuzi ya mnzake, kapena njinga, kapena, Mulungu atichinjirize, mwana wa munthu pa mseu. Lamulo la dziko limuuza kuti aime ndi kukanena kupolisi, ndipo lamulo la chikondi limuuza kuti athandize wobvulalayo. Madzi otentha aongola pulasitiki, koma mlandu utsala pomwepo. Amene athamangira kufafaniza chizindikiro kuti asadziwike aonjeza tchimo pa tsoka. Katekisimu atiphunzitsa kuti woononga chinthu cha mwini ayenera kubweza monga angathe, ndipo kulapa kwake sikukwanira ngati alibe mtima wakubwezawo.

Chimodzimodzi wogulitsa galimoto. Kuikongoletsa musanaigulitse si kulakwa. Koma wogula akafunsa ngati idachitapo ngozi, muuzeni pamene mudamata ndi pamene mudapaka. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu liletsa kutenga za mwini mwachinyengo, ndipo lachisanu ndi chitatu liletsa bodza. Wobisa chilema kuti akweze mtengo aphwanya onse awiri. Mwanza ndi dera laling'ono, ndipo amene mwamnyenga lero mudzagwada naye pa benchi limodzi pa Misa.

Koma mtima ukakhala woongoka, kukonza chinthu choonongeka ndi nchito yokondweretsa Mulungu. Ambuye athu, atadyetsa khamu la anthu, adalamula kuti makombo atoledwe, ndipo adadzaza mitanga khumi ndi iwiri. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adadandaula za khalidwe lakutaya zinthu zikangoonongeka pang'ono. Ndipo bampala yotayidwa kudambo siiola, idzakhala komweko adzukulu athu atakula. Yosefe Woyera, amene Eklezia amkumbukira monga mmisiri pa 1 Meyi kuyambira mu 1955, pamene Papa Pius XII adakhazikitsa chaka chimenechi, adalera Mwana wa Mulungu ndi nchito ya manja ake.

Chifukwa chake tikupemphani kuti nzeruzi musazisunge nokha. Chitini chimodzi cha penti wogwiritsa chikwanira mabampala angapo, ndipo sandipepa wotsala kwa inu athandiza mnzanu. M'limana mwanu amene ali ndi sipanala abwereke amene alibe, ndipo amene wayesa kale nchitoyi aimirire pambali pa amene ali kuyamba. Itanani ana anu, anyamata ndi atsikana omwe, kuti agwire tochi ndi kusunga mabauti m'mbale, pakuti mapulasitiki a njinga yamoto, mpando wothyoka ndi beseni long'aluka zikonzedwa ndi luso lomweli. Yosefe Woyera apempherere onse ogwira nchito ndi manja, ndipo Mulungu asunge apaulendo onse pa miseu yathu.